Ndinapita ku ofesi ya uphungu wa apantchito pa nkhani ya ndalama za holide, nazi zomwe ndaona

Ndakhala ndikufuna kulemba izi kuyambira mwezi watha koma ndimadikira kaye kuti gawo lomaliza la ndalama lilowe mu akaunti, sindimafuna kuyamikira anthu nkhani isanathe. Lalowa Lachisanu lapitali, nde pano ndikhoza kuyankhula momasuka za ofesi ina yopereka uphungu pa nkhani za pantchito yomwe inandithandiza kutsata ndalama zanga zogwira ntchito pa holide. Dzina lawo sinditchula chifukwa pali zina zomwe sanachite bwino ndipo ndizinena zonse, komanso kuntchito kwanga sinditchulako poti ndikadali konko. Maofesi oterewa alipo amitundumitundu, ena ndi a yuniyoni, ena ndi a maloya, ena ndi a anthu oti anagwirapo ku HR (gawo la kampani loona za antchito) zaka zambiri kenako nkutsegula zawo. Yomwe ndinapita ine ndi ya mtundu wachitatuwu.

Ine ndimagwira pa risepishoni pa hotela, usiku, kulowa 6 koloko madzulo kuweruka 6 koloko mmawa, mashifiti 4 pa sabata, ndiye kuti maola 48. Hotela sitseka, ndipo masiku omwe anthu ena akupuma ndi omwe ife timatanganidwa kwambiri, Khirisimasi, chaka chatsopano, Isitala, olo pa 1 May penipeni tsiku la apantchito ife timakhala tili pa desiki kulandira alendo. Zimenezo sindidandaula nazo, ndinalowa ntchitoyi ndikudziwa. Pa peyisilipi pamabwera kamzere kolembedwa kuti holide ndi kandalama pambali pake, ndipo kwa zaka 2 ndinkangoona kamzereko nkumati basi ndiye dabulo amanena ija. Mnzanga wina yemwe anabwera kuchokera ku hotela ina ndi amene anayang'ana pepala langa tsiku lina tikusinthana shifiti nkunena kuti achimwene iyi si dabulo iyi, wawerengako bwinobwino koma? Ndinayesa kuwerenga ndekha kunyumba, masamu samagwirizana, koma sindimadziwa kuti cholakwika chili pati, ndipo kupita kwa bwana ndi mawu oti "ndikuona ngati ndi yochepa" ndimadziwa kuti andibweza ndi chiganizo chimodzi ngati mmene anachitira nditafunsako chaka chatha.

Kulembetsa kwake nkosavuta, apa ndiwayamikire. Umawalembera pa WhatsApp, amakutumizira fomu yaifupi, umajambula kontirakiti, mapeyisilipi onse omwe uli nawo ndi rosita ngati ulinayo, nkutumiza. Ndalama yotsegulira fayilo inali pafupifupi malipiro anga a shifiti imodzi, ndipo anandiuziratu tsiku loyamba lomwelo kuti ndalama zikadzatuluka adzadulapo gawo limodzi mwa magawo 10. Palibe chomwe anabisa pa nkhani ya malipiro awo, zonse zinalembedwa ndipo ndinasaina nditawerenga.

Vuto linayamba ndi munthu woyamba yemwe anagwira fayilo yanga. Anali mnyamata waulemu ndithu, wachangu, anandiyankha ola lisanathe, koma yankho lake linali lalitali lokhala ngati walikopera penapake, ndipo mkati mwake munali zinthu zoti pambuyo pake ndinadzamva kuti ndi za lamulo la dziko lina osati lomwe likundikhudza ine. Choipa kwambiri anandiuza kuti pa holide iliyonse a kuntchito akuyenera kundiwonjezera malipiro a mashifiti awiri pamwamba pa salale yanga, anawerengera zaka 2 zonse nkundipatsa nambala yayikulu yoti usiku umenewo sindinagone, ndinafika pouza mayi a kunyumba kuti ngongole ija tithana nayo. Patatha masiku 5 anandiimbira kuti fayilo yapita kwa akuluakulu ake ndipo nambala ija isintha. Inatsika kupitirira theka. Izi zinandiwawa kwambiri ndipo mpaka lero ndimaona kuti nkulakwa kumuuza munthu wovutika nambala yomwe sinatsimikizidwe, munthu amayamba kuiwerengera ndalama isanabwere.

Koma mayi omwe anatenga fayiloyo ndi omwe apangitsa kuti ndilembe zonsezi. Anandiitana kuti ndipite tikakhale pansi, anati pa foni sizimveka bwino, ndipo tinakhala maola 2 athunthu. Choyamba anapepesa za nambala ija osazungulira. Kenako anatenga pepala loyera nkunena kuti bambo, ine sindikuwerengerani, muwerenga nokha ine ndizingokuuzani poyambira, chifukwa mwezi wamawa peyisilipi ikabwera ine sindidzakhalapo.

Ndikufotokozereni mmene zinalili chifukwa ndikukhulupirira kuti ambiri akudyeredwa pa malo omwewa. Tiyerekeze kuti salale ya pamwezi ndi 2,080, ndalama ya dziko lililonse, ndasankha nambalayi kuti masamu aphweke. Kuti upeze malipiro a ola limodzi umatenga maola ako a pa sabata, 48, kuchulukitsa ndi masabata 52 a pachaka, kugawa ndi miyezi 12, zimakupatsa maola 208 pamwezi. Nde 2,080 kugawa ndi 208 ndi 10 pa ola. Shifiti yanga ya maola 12 ndiye kuti ndi 120. Ngati lamulo kapena kontirakiti ikuti holide ndi kawiri, tsiku limenelo likhale 240, ndipo poti 120 yoyamba ili kale mkati mwa salale ya pamwezi, chomwe chikuyenera kuoneka pa kamzere kaja ndi 120 yowonjezera. Apa ndi pomwe mnyamata uja anaphonya, iye anaika 240 yonse pamwamba pa salale. Tsono kuntchito kwathu amachita chani? Amatenga 2,080 kugawa ndi masiku 30, zimapereka 69 ndi kakanenepo, nkuika 69 pa kamzere ka holide nkumati takupatsa tsiku lina lowonjezera, dabulo imeneyo. Ukangomva zikumveka zoona, tsiku limodzi kuphatikiza tsiku lina. Koma ine sindigwira masiku 30 pamwezi, ndimagwira mashifiti pafupifupi 17 aatali, ndiye tsiku langa silingakhale salale kugawa 30. Pa holide iliyonse pamatsala 51 mmanja mwawo. Nditaona 120 ndi 69 zili pambalipambali pa pepala lolemba ndekha ndinangokhala chete kwa kanthawi, mayi aja anandisiya osandifulumizitsa.

Ndinawafunsa ngati a kuntchitowo amachita dala. Anati sangaweruze mtima wa munthu, malo ambiri munthu wina anaika fomula mu kompyuta kalekale potengera anthu a mu ofesi ndipo palibe anaibwereranso, malo ena amadziwa bwinobwino. Anati kwa ife chofunika si kudziwa mtima wawo koma kuonetsa kusiyana kwa manambala. Ndinaona kuti nzeru imeneyi inandithandiza kwambiri pa tsiku lokumana ndi bwana, chifukwa ndikanalowa ndi mawu oti mwandibera nkhani ikanathera pa kukangana.

Chinthu china chomwe anachita bwino ndi kundichotsa maganizo oti dabulo pa holide ndi lamulo la dziko lonse lapansi. Ine ndinkaganiza choncho, ndipo anthu ambiri pa Facebook amalemba ngati ndi choncho. Ayi ndithu. Ku United States lamulo lawo lalikulu la maola ndi malipiro, Fair Labor Standards Act la 1938, limakakamiza ovataimu ya kamodzi ndi theka munthu akadutsa maola 40 pa sabata, koma silikakamiza kampani kulipira chowonjezera chifukwa choti tsikulo ndi holide, zimatengera zomwe mwagwirizana. Ku Britain nakonso lamulo silinena kuti ukagwira pa holide ya boma, yomwe amati bank holiday, ulandire zambiri, limangopereka tchuthi cholipidwa cha masabata 5.6 pachaka, masiku 28 kwa wogwira masiku 5 pa sabata, ndipo olemba ntchito akhoza kuwerengera maholidewo mkati mwa 28 momwemo. Pomwe ku South Africa lamulo la Basic Conditions of Employment Act la 1997 limanena kuti ukagwira pa holide yomwe yagwera tsiku lako la ntchito ulandire kosachepera kawiri, komanso sangakukakamize kugwira tsikulo popanda mgwirizano. Ku Malawi Employment Act ya 2000 imagawa ovataimu mmagulu atatu, ya masiku wamba kamodzi ndi theka, ya tsiku lako lopuma kawiri, ya holide kawiri. Ku Philippines holide zawo zili mitundu iwiri, zikuluzikulu ukagwira ndi 200 peresenti, zinazo zomwe amati zapadera ndi 130 peresenti. Ku New Zealand, Holidays Act ya 2003, umalandira kamodzi ndi theka komanso amakupatsa tsiku lina lopuma lolipidwa ngati holideyo yagwera tsiku lomwe umagwira kale. Ndalemba zonsezi chifukwa ambiri mwa ife tili ndi abale omwe akugwira ntchito mmayiko osiyanasiyana ndipo timapatsana malangizo pa foni ngati lamulo ndi limodzi. Mayi aja anati pali malo atatu oyang'ana, lamulo la dziko lomwe ukugwirako ntchito, mgwirizano wa yuniyoni ngati ulipo, ndi kontirakiti yako, ndipo kontirakiti ikhoza kukupatsa zoposa lamulo koma siingakupatse zochepera. Kwa ine lamulo ndi kontirakiti zonse zimati kawiri, nde panalibe pothawira.

Penapake tinachedwa kwambiri ndi nkhani ya pakati pa usiku, ndipo ogwira usiku nonse mvetserani apa. Shifiti yanga imayamba tsiku lina nkuthera tsiku lina. Pa 31 December ndimalowa 6 koloko madzulo, ikakwana 12 koloko chaka chatsopano chalowa, ndimagwira mpaka 6 koloko mmawa pa 1 January, maola 6 athunthu mkati mwa holide, ndipo ndi maola ovuta kuposa onse pachaka, anthu aledzera, makiyi atayika, ena akufuna chipinda pomwe malo adzaza. Kuntchito amawerenga shifiti potengera tsiku lomwe yayambira, ndiye usiku umenewo kwa iwo ndi 31 December basi, tsiku wamba, palibe chowonjezera olo pang'ono. Ndinati chabwino, nanga ndikalowa madzulo a holide nkutuluka mmawa wa tsiku wamba? Pamenepo amalipira 69 ija. Mayi aja anandionetsa kuti mayiko ena nkhaniyi anailemba mu lamulo momveka, ku South Africa shifiti ikagwera pa holide ndi tsiku lina yonse imatengedwa kuti ndi ya holide, pokhapokha ngati gawo lalikulu lagwiridwa tsiku linalo. Kwa ine kontirakiti sinanene kalikonse za izi, nde anandilangiza kuti tiwerenge ola ndi ola, ola lililonse lomwe lagwera mkati mwa tsiku la holide kuyambira 12 koloko usiku mpaka 12 koloko usiku winawo. Anandiuza poyera kuti njira imeneyi mashifiti ena indipindulira, ena indichepetsera, koma ndi yomwe bwana sangaitsutse chifukwa kalendala ndi wotchi sizinama. Ndinavomera.

Panalinso maholide atatu omwe sanandilipire kalikonse ati chifukwa anandipatsa ofu tsiku lina. Izi ndinkaziona ngati zabwinobwino mpaka mayi aja atandifunsa kuti ofu imeneyo munagwirizana, kapena anangokuuzani? Ndipo inali yowonjezera pa masiku anu opuma a nthawi zonse, kapena anangosuntha tsiku lomwe mukanapuma kale? Titayang'ana rosita tinapeza kuti kawiri konse sabata imeneyo ndinagwirabe mashifiti 4, kutanthauza kuti ofu ija inali yanga kale, anangoipatsa dzina latsopano. Kamodzi kokha ndi komwe ndinagwiradi mashifiti atatu, ndipo kameneko mayi aja anati tikasiye, tisafune zomwe tinalandira kale mwa njira ina. Anatchulanso kuti ena amachotsa holide pa masiku a tchuthi cha pachaka, ndipo pangano nambala 132 la 1970 la ILO, bungwe la dziko lonse loona za ntchito, limanena kuti maholide a boma asawerengedwe mkati mwa tchuthi chochepetsetsa cha pachaka chomwe ndi masabata atatu, ngakhale kuti panganoli limagwira mmayiko okhawo omwe analivomereza. Kwa ine izi sizinachitike koma ndaika kuti wina adziyang'anire.

Tsono umboni. Apa ndi pomwe ndinataya ndalama zambiri ndipo si vuto la ofesiyi. Mapeyisilipi ndinali nawo 19 mwa 24, ena anatayika posamuka. Rosita kuntchito amaimata pa khoma sabata ikatha nkuichotsa, ndipo ine sindinkasunga. Chomwe chinandipulumutsa ndi gulu lathu la pa WhatsApp la ogwira ntchito momwe supavaiza amaponyamo chithunzi cha rosita sabata iliyonse, mayi aja ndi omwe anandifunsa ngati tili ndi gulu lotere, ine sindinaganizeko nkomwe. Ndinakhala masiku awiri ndikubwerera mmbuyo mu gulumo kusaka zithunzi, koma foni ndinasintha chaka chatha ndiye za miyezi 7 yoyambirira zinapita. Mnzanga wina anali nazo zina, anandipatsa mwakachetechete. Mayi aja anandiuzanso kuti ndiyang'ane buku lomwe timalemba posiyirana shifiti, lija timasaina nthawi yolowa ndi yotuluka, koma anandichenjeza kuti ndisajambule masamba okhala ndi mayina a alendo kapena kutulutsa bukulo panja chifukwa pamenepo ndiwapatsa chifukwa chenicheni chondichotsera ntchito. Malangizo amenewa ndi omwe ndimati munthu wolipidwa azikupatsa, oti akuteteze pomwe iwe mutu watentha. Pamapeto pake pa maholide onse omwe ndikukumbukira kuti ndinagwira, omwe tinatha kuwatsimikiza ndi pepala anali 13. Enawo ndikudziwa mumtima kuti ndinalipo koma panalibe chogwirika, anati tiwasiye kuti asafooketse omwe ali ndi umboni.

Kalata yomwe analemba inali ya tsamba limodzi ndi theka, yaulemu, yopanda kuopseza, ndi tebulo kumbuyo kwake: deti, nthawi yolowa, nthawi yotuluka, maola a mkati mwa holide, zomwe ndinalandira, zomwe ndimayenera kulandira, kusiyana. Anandiwerengera yonse asanatumize ndipo anandifunsa kawiri ngati ndikufunadi kuti ipite. Ndinawafunsa funso lomwe aliyense amafunsa, kodi sandichotsa ntchito? Sanandinamize. Anati malamulo a mayiko ambiri amaletsa kuchotsa munthu chifukwa chofunsa malipiro ake, koma lamulo kuletsa sikutanthauza kuti sizichitika, akhoza kukusakirani chifukwa china, nde miyezi ikubwerayi musachedwe, musajombe, chilichonse chachilendo muzilemba deti lake. Anati iwo akhoza kundiperekeza ku ofesi ya boma yoona za ntchito zikafika poipa koma sangandilonjeze kuti ntchito ikhalapo. Ndinapita kunyumba, tinakambirana ndi mayi a kunyumba usiku wonse, mmawa ndinawalembera kuti tumizani.

Apa ndiye pali dandaulo langa lachiwiri lalikulu. Kalata itapita kunangoti zii masabata atatu. Kuntchito bwana akundidutsa osandiyankhula, supavaiza akundiyang'ana mwachilendo, ine ndikulemba meseji ku ofesi ya uphungu kuti zili pati, meseji ikuwerengedwa koma yankho osabwera, kuimba foni ikungoitana. Masabata atatu amenewo anali ovuta kuposa zaka 2 zonse zija chifukwa unali utaponya kale mwala ndipo sukudziwa kuti wagwera pati. Pambuyo pake ndinamva kuti mayi aja anali ndi milandu ina yambiri ndipo a kuntchito anali atapempha nthawi kuti aone mabuku awo, zomveka ndithu, koma kungondilembera mzere umodzi kuti tadikira ayankha pa deti lakuti kukanandichotsera mantha onse. Anthu omwe amapita ku maofesi amenewa amakhala ali ndi nkhawa kale, kukhala chete kumawapweteka. Ndinawauza izi maso ndi maso ndipo anavomera kuti anthu ndi ochepa pa ofesipo poyerekeza ndi mafayilo omwe amalandira.

Tsiku lokumana linafika, tinakhala anayi, ine, mayi aja, bwana ndi a akaunti. Bwana anayamba ndi mawu oti iwe takusunga bwino pano, bwanji sunabwere kwa ine kaye mmalo mopita kwa anthu akunja? Ndinayankha kuti bwana, ndinabwera chaka chatha kudzafunsa za kamzere ka holide ndipo munandiuza kuti kompyuta ndi yomwe imawerenga. Anakhala chete. Mayi aja sanakweze mawu olo kamodzi, anangotsegula tebulo lija nkupempha a akaunti kuti awerengere limodzi deti loyamba, salale kugawa maola 208, kuchulukitsa ndi maola a pa holide. A akaunti anabowola pa kakyuleta kawiri, nkuyang'ana bwana, nkunena kuti bwana apa masamu awo ali bwino. Nkhani ya pakati pa usiku ndi yomwe anakanirira, ati chikhalire timawerenga potengera tsiku loyambira ndipo aliyense amadziwa. Mayi aja anafunsa kuti zinalembedwa pati zomwe bambowa anasaina? Panalibe. Tinamaliza mogwirizana kuti alipira maholide 13 onse potengera ola ndi ola, mmagawo atatu pa miyezi itatu, ndipo zinalembedwa nkusainidwa tsiku lomwelo, mayi aja anakana kutuluka mchipindamo ndi lonjezo la pakamwa.

Ndalama yomwe ndinapeza siyambiri ngati nambala yoyamba ija, itachotsedwa msonkho ndi gawo la ofesi inatsala yochepera theka la salale ya mwezi umodzi. Wina akhoza kunena kuti mavuto onsewa chifukwa cha imeneyo? Kwa ine eya, chifukwa fomula ija anaisintha, ndipo mwezi wotsatira aliyense wa mashifiti pa hotelapo anaona kamzere ka holide katakwera, ophika, oyeretsa mzipinda, onse. Palibe analengeza, zinangosintha. Mbali inayi ndiyeneranso kunena, kuchokera nthawi imeneyo rosita ikumandizemba pa maholide, awiri apitawa anaika anthu ena, ndipo bwana moni wake ndi wapakamwa chabe. Ndinawauza mayi aja, anati ndizilemba madeti, pakadali pano palibe chogwirika choti nkudandaula nacho poti maola anga 48 sanachepe.

Chomwe chikundiwawabe mpaka pano ndi nkhani ya madala ena omwe amalondera pa geti usiku. Timagwira limodzi maola omwewo, Khirisimasi yomweyo, iwo panja pozizira ine mkati. Atamva kuti zanga zatheka anandipeza nkunena kuti mwana wanga, tandiperekeze kumeneko nanenso. Ndinawatenga. Koma iwo sanalembedwe ndi hotela, analembedwa ndi kampani ina ya alonda yomwe hotela imailipira, kontirakiti sanapatsidwe kope, peyisilipi salandira, ndalama imangolowa pa foni mwezi ukatha popanda kufotokoza kuti iyi ndi ya chani. Ku ofesi kuja anawalandira mwaulemu koma anawauza kuti atsegule fayilo yawo ndi ndalama yomwe ija ndinalipira ine, yomwe kwa iwo ndi malipiro a masiku angapo, komanso anawauziratu kuti popanda mapepala nkhani yawo ndi yovuta. Ndikumvetsa kuti ofesi ndi bizinesi, ili ndi lendi ndi antchito ake, koma apa ndi pomwe ndinaona malire a thandizo lawo. Limagwira bwino kwa munthu ngati ine amene ali ndi kontirakiti, mapeyisilipi ndi foni yosunga zithunzi. Omwe akudyeredwa kwambiri, alonda, aganyu, ogwira ntchito mnyumba za anthu, ndi omwe alibe mapepala ndipo ndi omwe sangakwanitse ndalama yotsegulira fayilo. Ndinawafunsa mayi aja kuti bwanji osakhala ndi tsiku limodzi pamwezi lothandiza oterewa ulere, kapena kuwadula pokhapokha ndalama zikatuluka, anati akazitengera kwa eni ofesi. Chomwe anachita paokha, ndipo ndinachiona ndi maso anga, anawalembera madalawo pa kapepala zoti akanene ku ofesi ya boma yoona za ntchito komwe salipiritsa, nkuwauza kuti mameseji a ndalama omwe amalowa pa foni asafufute olo imodzi chifukwa ndi umboni wa zomwe amalandira.

Pa nyenyezi 5 ndikuwapatsa 4. Imodzi ndachotsa chifukwa cha nambala yabodza ija yoyamba ndi masabata atatu a chete aja. Ngati mukupitako, pemphani kuti nambala iliyonse yomwe akupatsani ikhale yoti wamkulu waiona kale, funsani kuti lamulo lomwe akutchulalo ndi la dziko lomwe mukugwirako ntchito, ndipo gwirizanani tsiku loyamba kuti azikuuzani zomwe zikuchitika kamodzi pa sabata olo palibe chatsopano. Musadikirenso zaka ngati ine, madandaulo a malipiro amakhala ndi malire a nthawi mmalamulo ambiri ndipo mapepala amatayika. Pitani ndi mapeyisilipi onse, olo ong'ambika.

Madala aja ndinawagulira kakope kakang'ono, ndinawajambulira mizere inayi, deti, kulowa, kutuluka, holide kapena ayi. Usiku uliwonse ndikamapita kukatseka chitseko cha kutsogolo cha mma 11 koloko ndimadutsa pa geti, amatulutsa kakopeko mthumba la jekete, timalemba limodzi ine nkusaina pambali ngati mboni. Tafika masamba 6 tsopano, ndipo Lolemba likubwerali ndikaweruka 6 koloko mmawa tikupitira limodzi ku ofesi ya boma ija.